Kuphunzitsa Mwana Yense pa Phunziro la Social Studies

Aphunzitsi, taganizirani izi. Mwalowa mu Folomu 2 kukaphunzitsa za ngozi zachilengedwe. Mwalemba pa bolodi kuti namondwe wa Idai anawomba mzinda wa Beira mu Malichi 2019, napha anthu oposa 1,000 ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Ana akopera, belu lalira. Kodi phunziro latha? Mwina kumbuyoko kuli mwana amene nyumba ya kwawo inapita ndi madzi, kapena amene anataya m'bale wake pamene matope anatsika phiri la Soche ku Blantyre nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Kwa iyeyu, nkhaniyi si ya mayeso chabe.

Kuphunzitsa mwana yense ndi kukumbukira kuti mwana ali ndi nzeru, manja, abale komanso mtima. Mu 1996, lipoti la UNESCO lolembedwa motsogozedwa ndi Jacques Delors linaika maphunziro pa nsanamira zinayi: kudziwa, kuchita, kukhala bwino ndi anzathu, ndi kukula mu umunthu. Tiyeni tiziyese pa mutu wathuwu.

Kudziwa: Pa mapu, ana atsate mtsinje wa Shire kuchokera ku nyanja ya Malawi mpaka kukathira mu Zambezi. Afotokoze chifukwa chake kudula mitengo kumtunda kumakulitsa kusefukira kwa madzi ku Chikwawa ndi Nsanje.

Kuchita: Tulukani nawo panja. Ajambule mapu a dera la sukulu, osonyeza modutsa madzi ndi malo okwera othawirako. Pomwe payamba chigwembe, adzalepo udzu wa vetiva.

Kukhala ndi anzathu: Akafunse agogo awo chifukwa chake anthu amabwerera kuchigwa madzi akaphwa. Akamva za nthaka yachonde ya m'madimba ndi manda a makolo, sadzafulumira kuwanena othawa madzi kuti ndi osamva.

Umunthu: Musakakamize mwana kufotokoza zomwe zinamuonekera. Mpatseni mwayi wolemba osaika dzina, kapena wongokhala chete. Wina akalira, musamukalipire.

Mwina mukuti, "Nanga silabasi tiimaliza liti?" Dziwani kuti simunawonjezere mutu wina ayi. Mutu ndi womwewo, mwangouphunzitsa mozama. Zomwe mwana wagwira ndi manja sachedwa kuzikumbukira pa mayeso.

Ntchito: Sankhani mutu umodzi womwe muphunzitse sabata yamawa. Lembani chochita chimodzi pa nsanamira iliyonse, ndipo mukaphunzitsa, lembani nsanamira yomwe inakuvutani ndi chifukwa chake.