PHOKOSO LA KAMERA LITHAWITSA CITHUNZI

Mlenje wanzeru saponda masamba ouma pamene alikuyandikira nyama. N'cimodzimodzi ndi munthu wojambula zithunzi m'miseu. Nchito yace ndi kujambula anthu monga momwe aliri, mai alikuwerenga ndalama pa msika kapena mnyamata alikukankha wilibala, iwo asanazindikire ndi kuyamba kukonza malaya. Pa nchito yotere mdani wamkulu ndi phokoso la kamera yace yomwe.

M'masiku a makamera a filimu, mpukutu umodzi unali kutenga zithunzi 24 kapena 36. Atajambula cithunzi cimodzi, wojambula anali kukankha kacitsulo ndi cala cacikulu kuti filimu isunthe, pabwere malo a cithunzi cina. Njira imeneyi inali yocedwa, koma inali yacete.

Opanga makamera anafuna liwiro. M'caka ca 1934 ku Germany kunaturuka kamera yochedwa Robot, imene inali kusuntha filimu ndi sipuling'i yopukusa ngati ya koloko. Mu 1959 kampani ya Nikon ya ku Japan inaturutsa Nikon F, imene inali kulola kumangirirako kamota koyendera mabatire, kotha kujambula zithunzi zinai pa sekondi imodzi. Pa liwiro limeneli filimu ya zithunzi 36 itha m'masekondi 9 cabe. Atola nkhani za mpira ndi mipikisano anakondwera nako kwambiri. Mu 1979 Konica FS-1 inabwera ndi kamota m'kati mwace momwe, ndipo m'zaka zotsatira makamera ang'ono-ang'ono ambiri anatsata njira yomweyo.

Bvuto linaonekera m'miseu. Kamera yotere iri ndi maphokoso awiri. Loyamba ndi la kacitseko kolowetsa kuwala, limene limveka kamodzi n'kutha. Laciwiri ndi kulira kwa kamota pokoka filimu, kumene kutenga nthawi yotalikirapo, ndipo ndiko kumene kuceukitsa anthu. Wojambula wa kamera ya manja atha kucokapo, n'kukasuntha filimu ali patali. Wa kamota alibe mwai umenewo, pakuti makina alira pomwepo. Cithunzi coyamba cingakhale cabwino, koma pa caciwiri anthu onse ali maso pa kamera, ena alikuseka, ena akwiya.

Ndico cifukwa cace akatswiri ambiri anakana kamota. Henri Cartier-Bresson wa ku France, amene anamwalira mu 2004, anali kugwiritsa nchito kamera yaing'ono ya Leica yosuntha filimu ndi dzanja, ndipo mbali zace zonyezimira anali kuzimata ndi tepi yakuda kuti isakope maso. Opanga makamera nawonso anamva dandaulo. Konica Hexar ya mu 1993 inali ndi njira yacete: kamota kanali kudikira kufikira wojambula atacotsa cala pa batani.

Kwa ena kacetecete kanali nkhani ya ufulu kapena ndende. Ernest Cole wa ku South Africa anajambula mabvuto a anthu akuda pansi pa ulamuliro wa tsankho, nthawi zina atabisa kamera m'cikwama ca cakudya polowa m'makomboni a migodi. Anathawa m'dzikomo mu 1966, ndipo buku lace la zithunzi, House of Bondage, linasindikizidwa mu 1967 ndi kuletsedwa kwao.

Komabe phokoso lomwelo linali ndi ubwino wace: linali kudziwitsa munthu kuti wajambulidwa, iye n'kubvomera kapena kukana. Lero anthu ambiri ajambula ndi mafoni, amene alibe filimu kapena kamota. Kulira kumene kumveka m'foni n'kongoyerekeza, ndipo mwini wace atha kukuzima. Ku Japan mafoni ambiri ogulitsidwa m'dzikomo salola kuzima kulira kumeneku, pofuna kuteteza anthu, maka-maka akazi, kwa ojambula mobisa.

M'midzi muno nkhaniyi ikhudza ulemu. Pa msika ndi pa bwalo la mpira munthu angajambule momasuka, koma pa maliro, pa cinamwali ndi pa Gule Wamkulu pali eni ace, ndipo wa kamera ayenera kuyamba wapempha kwa amfumu kapena kwa akulu a pabanja. Popeza makina aleka kucenjeza anthu, udindo umenewo tsopano uli pa pakamwa pa wojambula.