Nyumba pamsana pa pikiapu

Tsiku lina Lamulungu m'chaka cha 1960, mvula ikugwa m'chigawo cha Oregon m'dziko la America, tayala lakumbuyo la galimoto ya mlembi wotchuka John Steinbeck lidaphulika. Atatsika kuti asinthe, adapeza kuti tayala la mbali inayo nalo latupa, latsala pang'ono kutsatira linzake.

Mkuluyu sadaloze chala msewu kapena opanga matayala. M'buku lake la Travels with Charley, lomwe lidatuluka mu 1962, adavomera kuti mlandu udali wake chifukwa galimotoyo adaisenzetsa katundu wopyola muyezo.

Galimoto yakeyo idali pikiapu ya mtundu wa GMC, ndipo m'bodi mwake mudakhala kanyumba kokhala ndi bedi, tebulo, chitofu cha gasi ndi malo osungira chakudya. M'menemo ndimo Steinbeck, ali ndi zaka 58, adanyamukira kwawo ku Sag Harbor pamodzi ndi galu wake Charley pa ulendo wa makilomita pafupifupi 16,000 wozungulira dziko lakelo. Pano galimotoyo, yomwe adaitcha Rocinante, anthu amakaiona kumalo okumbukira mlembiyu a National Steinbeck Center mumzinda wa Salinas ku California.

Kanyumba kotere eni ake ku America amakatcha truck camper. Si ngolo yokoka ayi, ndipo kalibe matayala akeake. Kamaima pa majeke anayi, mwini pikiapu n'kubwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka bodi italowa pansi pake, kenako amakatsitsa n'kukamanga. Akabwerako kokayenda amakatsitsanso pakhomo, pikiapu n'kubwerera ku ntchito yake yonyamula simenti ndi feteleza.

Amene amakhala kufupi ndi nyanja ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear mwina adationapo tinyumba totere pa galimoto za alendo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya. Koma kuchimake kwa tinyumbati ndi ku America ndi ku Canada, komwe tidatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Nthawi imeneyo kampani ya Ford idafika popanga mapikiapu apadera otchedwa Camper Special, okhala ndi masipuling'i ndi matayala olimba. Kampani ngati Lance, yomwe idayamba mu 1965 ku California, ndi Four Wheel Campers, yomwe idayamba mu 1972 ku Colorado, zikupangabe tinyumbati.

Tambiri ta nthawi imeneyo tidatayidwa kuseri kwa nyumba ndi m'minda, tikugona pa mitsamiro dzinja ndi chilimwe. Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, anthu ambiri adayamba kuopa mahotela ndi ndege, ndipo msika wa nyumba zoyenda udatentha moti mu 2021 makampani a ku America adatulutsa zoposa 600,000 zamitundu yonse. Omwe thumba lawo silikadakwanitsa zatsopano adatembenukira ku tinyumba takale tija, tomwe eni ake ena amagulitsa motchipa, ena amangoti bwerani mudzachotse.

Apa ndi pomwe ambiri amapsa nazo zala.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kanyumba ka m'ma 1970 kunja kamaoneka bwino chifukwa kadakutidwa ndi malata opyapyala a aluminiyamu omwe sachita dzimbiri. Koma kuseri kwa malatawo kuli mafupa a timatabwa tating'ono, tolumikizidwa ndi guluu ndi timisomali. Madzi akangopeza polowera, kaya ndi pa zenera, pa chibowo cha mpweya cha padenga, kapena pa msoko wa pangodya, amatsika m'kati mwa khoma mwakachetechete kwa zaka. Pomwe banga lidzaonekere pasiling'i, matabwa amakhala adatha kalekale.

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi akapita kokagula sayamba n'kuona makatani kapena chitofu. Amayamba n'kununkhiza. Fungo la chuku likawalandira pakhomo, amadziwa kuti madzi adalowa. Kenako amatenga sikuludiraiva n'kumabaya m'ngodya zonse, pansi pa mazenera, ndi pansi pa bedi lomwe limatulukira pamwamba pa denga la dalaivala. Thabwa lamoyo limakana, loola limangolowa ngati chinangwa chophika. Kunja amamasulako masikuluwu angapo: yotuluka ndi dzimbiri, kapena yongozungulira osagwira kanthu, ndi mboni yokwanira.

Malo oopsa kwambiri ndi pomwe padamangidwa majeke. Kanyumba kolemera pafupifupi tani imodzi kamaima pa miyendo inayi yokha, m'mwamba kuposa chiuno cha munthu, pa nthawi yokweza ndi kutsitsa. Ngodya imodzi ikakhala yoola, jeke amazuka pamodzi ndi thabwa lake ndipo kanyumba konse kamagwa chammbali. Pikiapu imaphwanyika, ndipo ngati pali munthu pafupi, nkhani imathera kuchipatala kapena kumanda. Malo ena otere ndi pomwe pali ngowe zinayi zomangirira kanyumbako ku galimoto. Ngowe yobayidwa pa thabwa loola ili ngati chingwe cha mbuzi chomangidwa pa phesi.

Kukonza kwenikweni ndi ntchito ya ukalipentala, ndipo imafuna kudekha. Mmisiri amachotsa mazenera, chitseko ndi timizere ta m'ngodya, n'kuvula malata aja mosamala, limodzilimodzi, akulemba nambala pa lililonse kuti adzadziwe pobwezera. Malatawa sachedwa kupindika ndipo amtundu wakalewo savuta kuwononga koma amavuta kupeza. Mafupa akaonekera, thabwa lililonse loola limachotsedwa mpaka pomwe payambira lamoyo, ndipo lakalelo amaligwiritsa ntchito ngati muyezo wodulira latsopano. Anzeru amajambula zithunzi pa sitepe iliyonse, chifukwa pakatha miyezi itatu palibe amene amakumbukira kuti waya uja amadutsa pati.

Pali yesero limodzi lomwe limagwetsa amisiri ambiri, makamaka odziwa kumanga nyumba zapansi. Akaona kuchepa kwa timatabwa takale, amati anthu akalewo ankachita chinyengo, iwo n'kuikapo matabwa onenepa, pulayiwudi wochindikala, matailosi pansi ndi makabati a mtengo wolemera. Ntchito ikatha kanyumbako kamakhala kokongola ndi kolimba ngati tchalitchi, koma kawonjezera makilogalamu mazana awiri kapena atatu. Timatabwa tija tidali tating'ono mwadala.

Pobwezera malata, msoko uliwonse ndi zenera lililonse zimafuna phula lapadera lofewa lotchedwa butyl, lomwe limabwera ngati tepi ndipo siliuma gwaa. Ambiri amathamangira silikoni wa m'bafa poti ndi wotchipa. Pa galimoto yogwedezeka tsiku lonse silikoniyo amamatuka, madzi n'kumalowa pansi pake, ndipo pomwe adakhalapo sipagwiranso phula lina pokhapokha utapala bwinobwino.

Za utoto, makatani ndi makushoni sitichedwapo, aliyense amachita monga mwa maso ake. Magetsi ambiri masiku ano amangowachotsa onse n'kuika mawaya atsopano, mababu a LED, sola padenga ndi batire. Firiji zakale za m'tinyumbati zimayendera moto wa gasi, mofanana ndi firiji za palafini zija zinkapezeka m'magolosale ndi m'zipatala zakumidzi, ndipo zimafuna kuima mowongoka kuti zizizire. Ena amazisunga, ena amagula zoyendera batire.

Koma gasi ndiye wosachita naye masewera. Mapaipi a labala a zaka 40 amakhala atang'aluka, ndipo gasi wa mtunduwu ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akadontha sakwera kumwamba koma amadikha pansi kudikira kamoto. Mapaipi ndi chochepetsera mphamvu ya gasi amasintha zonse, n'kupaka madzi a sopo polumikizira paliponse kuti aone ngati pakutuluka thovu. Chinanso ndi utsi wosaoneka, wosanunkha, womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka. M'kanyumba kochepa chonchi chitofu kapena chotenthetsera chowonongeka chitha kuchita zomwezo usiku umodzi, ndiye kabelu kochenjeza za utsiwu sikasowa mwa munthu wosamala moyo wake.

Zonsezi zikatha mpomwe pamabwera funso lomwe limayenera kukhala loyamba: kodi pikiapu yomwe ili pakhomoyi ikwanitsa?

Galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu omwe opanga adaika, ndipo amalembedwa pa kachikwangwani ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimotoyo. Chomwe ambiri sadziwa n'choti malirewo amawerengera chilichonse, kuphatikizapo dalaivala ndi omwe wawanyamula.

Tiyerekeze kuti pikiapu imaloledwa makilogalamu 1,000 ndipo kanyumba kopanda kanthu kakulemera 800. Munthu amaona ngati watsala ndi mpata wa 200. Athire madzi malita 100 m'thanki, amenewo ndi makilogalamu 100. Akwere iye ndi mayi a kunyumba, tinene 140. Wadutsa kale malire asadaikemo batire, botolo la gasi, majeke, mapoto, zofunda, chakudya ndi ana.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malamulo a ku America amakakamiza opanga tinyumbati kumata chikwangwani chonena kulemera kwake, komanso opanga mapikiapu kunena katundu yemwe galimoto ingasenze ndi malo a m'bodi omwe kulemerako kuyenera kugwera. Koma kanyumba ka m'ma 1960 kalibe chikwangwani chotere, ndipo komwe kakonzedwanso nambala yake yakale ilibenso ntchito. Njira ndi imodzi basi: kupita pa sikelo yoyezera galimoto, kuyeza pikiapu yokha, kenako kuyezanso kanyumba kali pamsana, matayala akutsogolo paokha, akumbuyo paokha.

Ogulitsa zipangizo amanyengerera anthu ndi masipuling'i owonjezera kapena matumba a mpweya oika pansi pa bodi. Zinthuzi zimathandizadi kuti galimoto isakhale pansi kumbuyo ndiponso isamayepe pokhota. Koma sizisintha malire aja. Mabuleki ndi omwewo, shasi ndi yomweyo, matayala ndi omwewo. Ife kuno tikudziwa bwino mathero a pikiapu ya matola yomwe yapakira matumba a chimanga ndi anthu pamwamba, ikamatsika mtsetse mabuleki atatentha. Kanyumba kamawonjezera vuto lina: n'katali, kamakweza kulemera m'mwamba, ndipo mphepo ya m'mbali imakakankha ngati thanga la bwato.

Kulemera kukakhala kovomerezeka, pamatsala nkhani ya pomwe kwagwera. Pakati pa kulemera kwa kanyumba payenera kukhala pamwamba pa matayala akumbuyo kapena kutsogolo kwake pang'ono. Pakapitirira kumbuyo, mphuno ya galimoto imapepuka, chiwongolero chimayamba kuyandama m'manja ndipo mabuleki akutsogolo sagwira bwino. Vutoli ndi lofala chifukwa tinyumba takale tidapangidwira mapikiapu a mpando umodzi okhala ndi bodi yaitali mamita 2.4, pomwe ambiri lero ali ndi a zitseko zinayi omwe bodi yake nthawi zambiri siyifika mamita awiri.

Kusiyana kwa mibadwoku kumaonekeranso pena. Mapikiapu a masiku ano ali ndi denga lalitali ndi makoma a bodi okwera kuposa a kale, motero kanyumba kakale kakatsitsidwa kamakhalira makomawo kapena kugunda denga la dalaivala. Amisiri amakhoma nsanja ya matabwa m'bodi kuti kakwereko, n'kuyala mphasa ya labala kuti kasaterereke. Pakati pa denga ndi bedi lotulukira lija pamafunika mpata wa masentimita angapo, chifukwa pa msewu wa mabampu shasi imapotokola ndipo ziwirizi zikagundana denga limabonyoka. Tepi yoyezera iyeneranso kudutsa pakati pa zotupa za matayala za m'bodi. Pa mapikiapu akuluakulu a ku America mpatawu ndi pafupifupi mamita 1.2, koma pa ang'onoang'ono a mtundu wa Hilux ndi wocheperapo, ndipo tinyumba tambiri ta ku America sitilowa.

Pomanga, zingwe za katundu wamba sizikwana. Pamafunika zitsulo zinayi, ndipo zodalirika kwambiri ndi zomwe zimagwira ku shasi osati ku malata a bodi. Kuchokera pa zitsulozo kupita pa ngowe za kanyumba pamakhala zokungira zomwe zina zili ndi sipuling'i m'kati, kuti galimoto ikadumpha pakhale kupuma pang'ono. Kukunga mopyola muyezo nakonso n'koipa, kumazula ngowe pa thabwa lomwe mmisiri wangolikonza kumene. Zakutsogolo zimakokera kutsogolo kuti kanyumba kasathawire kumbuyo pokwera chitunda.

Tsiku lokweza koyamba limafuna malo athyathyathya ndi olimba, mphepo kulibe, ndi munthu wachiwiri woima kumbuyo kuongolera dalaivala. Ana ndi agalu akhale kutali. Majeke amakwezedwa mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, kutsogolo kukhale kokwererako pang'ono kuti kanyumba kasagwe chamutu chifukwa cha bedi lija. Mpata wa m'mbali nthawi zina umangokwana zala ziwiri, ndiye kubwerera kangapo si manyazi.

Ulendo woyamba umakhala waufupi. Akayenda makilomita ochepa, dalaivala amaima n'kugwedeza zokungira zonse zinayi, kugwira matayala akumbuyo kuti amve ngati atentha, ndi kusuzumira mpata wa padenga uja. Steinbeck adachoka ku Oregon atagula matayala awiri akumbuyo okulirapo, omwe mwini malo ena othirira mafuta adamufunira pa telefoni Lamulungu lomwelo.