Nyama ya Kalulu ndi Ubwino Wace M'thupi

Kalulu mumamdziwa bwino m'nthano za agogo, mmene amapusitsira Njobvu ndi Fisi. Koma lero tikambirana za kalulu wophika, amene timadyera nsima.

Kumbukirani kuti zakudya ziri m'magulu atatu: zomanga thupi, zopatsa mphamvu, ndi zoteteza ku matenda. Nyama ya kalulu iri m'gulu loyamba. Nthuli yolemera magalamu 100, yaikulu ngati cikhatho ca munthu wamkulu, ikawambidwa imakhala ndi magalamu pafupifupi 29 a mapuloteni. Ili ndi gawo lalikulu la mapuloteni amene mwana wa sukulu afunika kudya pa tsiku. Mapuloteni ndiwo amamanga minofu, kukulitsa thupi ndi kupoletsa zironda. Mwana wamng'ono wosowa cakudya cokwanira cotere angadwale kwashioko: miyendo imatupa, tsitsi limafiira ndi kulekana-lekana, ndipo mwanayo sakondwa.

Mulinso ayironi ndi vitamini B12, zimene zimathandiza kupanga magazi. Mwana wocepa magazi amatopa msanga, amaodzera m'kalasi, ndipo maphunziro samlowa. Vitamini B12 sapezeka mu nsima, nyemba kapena ndiwo zamasamba. Timampeza mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka.

Tsono mvetsetsani mfundo iyi. Kalulu alibe mafuta ambiri. Pa magalamu 100 aja, kalulu woweta ali ndi magalamu 8 okha a mafuta, ndipo wa kuthengo ali ndi ocepa koposa apo. Ndiponso nyamayi iribe cakudya copatsa mphamvu conga ciri mu cimanga, ndipo iribe vitamini C. Kumpoto kwa dziko la Canada, kumene kumazizira kwambiri, alenje amene anali kudya akalulu okha-okha kwa masiku ambiri anali kutsegula m'mimba ndi kufooka, ngakhale kuti mimba zao zinali zokhuta. Mutu umodzi susenza denga. Cimodzimodzi cakudya cimodzi sicisunga thupi. Motero kalulu adyedwe pamodzi ndi nsima, ndi ndiwo zamasamba monga nkhwani kapena bonongwe wotendera nsinjiro, ndipo pambuyo pace cipatso, kaya mango kapena gwafa.

Pophika, nyama ipse mpaka mkati, pasaoneke magazi. Msuzi musataye, cifukwa mavitamini ena amasungunukira m'menemo. Kalulu wofa yekha ndi matenda asadyedwe ai, akwiriridwe. Ndipo inu makolo ndi aphunzitsi, pogawa ndiwo musamane ang'ono. Amene ali kukula ndiwo afunika nthuli, osati msuzi wokha.

Ubwino wina ndi wakuti kalulu sabvuta kuweta. Amadya udzu, masamba a mbatata ndi zotsala za m'dimba. Wamkazi amakhala ndi bere masiku 31 cabe, ndipo amaswa ana angapo nthawi imodzi. Kalulu mmodzi amakwanira banja tsiku limodzi, kotero palibe nyama yotsala yoti iwonongeke.

Nayi nchito yanu, ana inu. Jambulani mbale m'mabuku anu, muikemo kalulu ndi zakudya zina ziwiri, kuti magulu onse atatu apezekemo. Aphunzitsi, cithunzi ciri conse mucione, ndipo mwana ali yense afotokoze cifukwa cace wasankha zakudya zimenezo. Tsalani bwino.