Nthochi yakupsa si mankhwala a kusikelo

Anzanga, ambiri mumandiona Loweruka ndikuthandiza amayi kugulitsa nthochi kumsika wa Ndirande. Nthochi zimafika zili zaziwisi, zolimba gwa. Amayi amazivundika m'thumba, nthawi zina n'kuikamo mapeyala angapo, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi zimakhala zapsa. Ndakhala ndikuona zimenezi kuyambira ndili mwana, koma sindinafunsepo chimachitika n'chiyani m'thumbamo.

Chinandichititsa kufunsa ndi achemwali anga. Iwo ndi oyembekezera, ndipo kusikelo anawapatsa timapiritsi towonjezera magazi, tomwe muli ayironi ndi folic acid. Atamwa sabata imodzi anasiya, ati tikuwachititsa nseru. "Ndizingodya nthochi," iwo anatero, "paja amati muli mavitamini omwewo." Ndinapita nalo funsoli kwa aphunzitsi a Biology, ndipo izi ndi zomwe ndinatolako.

Nthochi ikakhwima imatulutsa mpweya wotchedwa ethylene. Mpweyawu ndi umene umayambitsa kupsa. Ukavundika nthochi, mpweyawo sutuluka, choncho zonse zimapsa msanga. Mapeyala nawo amatulutsa mpweya womwewu. Ndiye kuti amayi akhala akuchita sayansi osadziwa!

Kupsa kukayamba, ma enzyme amagwira ntchito. Mukukumbuka amylase wa m'malovu uja tinaphunzira? M'nthochi mulinso ma enzyme a mtundu umenewo, omwe amaphwanya sitalichi kukhala shuga. N'chifukwa chake yakupsa imatsekemera. Ma enzyme ena amafewetsa mnofu, ena amachotsa mtundu wobiriwira pakhungu.

Nanga mabakiteriya akubwera pati? Tikamva dzinali timaganiza za kolera basi, koma m'matumbo mwathu mumakhala mabakiteriya ambirimbiri otithandiza. Nthochi yomwe siinapsetse imakhala ndi sitalichi wina amene thupi silitha kumugaya. Iyeyu amafika m'matumbo aakulu n'kukhala chakudya cha mabakiteriya abwinowo. Ena mwa iwo, monga mitundu ina ya Bifidobacterium, amapanganso folate. Choncho musamanyoze nthochi yokhala ndi kubiriwira pang'ono kunsonga.

Folate ndi vitamini B9. Thupi limamufuna popanga magazi ndi maselo atsopano. Dzina lake linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza tsamba, chifukwa mu 1941 asayansi anamupeza m'masamba a sipinachi. M'nthochi alimodi, koma wochepa. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi mamayikulogalamu pafupifupi 24, pomwe munthu wamkulu amafunika 400 pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera 600. Werengani nokha: achemwali akanafunika nthochi 25 tsiku lililonse. Bizinesi ya amayi ikanagwa ndithu.

Nyemba, nandolo, mtedza ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi nkhwani zimaposa nthochi pa folate. Koma masamba tisamawaphike nthawi yaitali kapena kutaya msuzi wake, chifukwa vitaminiyu amawonongeka ndi moto komanso amasungunukira m'madzi.

Nkhaniyi si yocheza ayi. Msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'masiku 28 oyambirira, nthawi yomwe mayi mwina sanadziwe n'komwe kuti waima. Folate akachepa nthawi imeneyo, mwana angathe kubadwa ndi msana wosatsekeka bwino. Akachepanso pambuyo pake, mayi amasowa magazi. Ngakhale ife atsikana amene sitikuganiza za banja panopa, magazi timataya mwezi ndi mwezi, ndiye mbale ya nyemba ndi masamba tisaikane.

Ndinawafotokozera achemwali zonsezi. Anabwerera kusikelo, ndipo anamwino anawalangiza kuti azimwa piritsilo atadya, makamaka madzulo. Pano akumwa tsiku lililonse. Nthochi akudyabe, koma amayi ayamba kuwalemba m'buku la ngongole.

Wanu wa Fomu 3