Foni Yanu Ingakuuzeni Maina a Nyenyezi

Magetsi akazima madzulo ambiri a ife timadandaula za firiji ndi zophika. Koma mdima womwewo umaonetsa cinthu cimene malaiti a mu Lusaka amatibisira: thambo lodzala nyenyezi. Ana ambiri obadwira ku Kabwata kapena ku Chelstone sanauonepo bwino Mlalang'amba, ndipo sadziwa Nsangwe zimene agogo awo anali kuziloza kumudzi. Lero foni ya m'manja ingathandize banja lonse kuzidziwanso.

Pali mapulogalamu a pa foni monga Stellarium, Sky Map ndi Star Walk, amene ali ngati mapu a kumwamba. GPS imauza foni malo amene muli, wochi yake imapereka tsiku ndi ola, ndipo kampasi ya mkati imadziwa mbali imene mwayang'ana. Mukaloza foni kumwamba, imajambula nyenyezi zimene zili kutsogolo kwanu pamodzi ndi maina ake. Stellarium mukaiika kamodzi, mapu ake aakulu amagwira nchito ngakhale bundle itatha.

Ena mu mpingo angafunse ngati uku si kuombeza, cifukwa adzaona maina monga Leo ndi Scorpius, ofanana ndi a m'mahoroscope. Amenewa ndi maina cabe amene anthu akale anapatsa magulu a nyenyezi. Mapu amakuuzani pamene nyenyezi ili ndi kutalika kwake; za mawa lanu sakuuzani kanthu. Baibulo nalo limachula magulu ena pa Yobu 38:31 ndi Amosi 5:8. Nsangwe muzifune pa foni ndi dzina lakuti Pleiades, Akamwiniatsatana ndi dzina lakuti Orion. Nthanda, imene imawala mbandakuca, foni idzakuonetsani kuti ndi pulaneti Venus.

Nyengo yabwino kuno ndi kuyambira May mpaka July, mitambo itacoka ndipo utsi wa kutentha chire usanaculuke. M'miyezi imeneyi yang'anani kum'mwera madzulo: mudzaona nyenyezi zinayi zopanga mtanda, Southern Cross. Pambali pake pali ziwiri zowala kwambiri. Yowala koposa ndi Alpha Centauri, ndipo kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 4 kuti kufike kuno, pamene kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 cabe. Mu July Scorpius amakwera pafupifupi pamwamba pa mutu. Orion amaoneka madzulo kuyambira December mpaka March, mvula ikapereka mpata.

Kuti muone bwino, kumbukirani izi. Maso amafuna mphindi 20 kapena kuposa kuti azolowere mdima, ndipo kuwala koyera kwa foni kumaononga zimenezi nthawi yomweyo. Conco sankhani mtundu wofiira umene mapulogalamuwa ali nawo. Imani patali ndi galimoto, geti ya citsulo ndi malata, cifukwa citsulo cimasokoneza kampasi. Mapu akasokera, zungulizani foni m'mwamba ngati mukulemba 8. Pewaninso masiku a mwezi wathunthu. Pafupi ndi Cairo Road mudzangoona mwezi, mapulaneti ndi nyenyezi zocepa. Pabwalo la nyumba ku Woodlands kapena Kabulonga, mutazima malaiti a panja, mudzaona zoculukirapo, ndipo kunja kwa tauni, monga kutsogolo mu Leopards Hill Road, Mlalang'amba umaonekeratu. Kumalo otero pitani m'gulu.

Akulu akukumbukira 21 June 2001, pamene kadamsana anadetsa Lusaka masana ndipo anthu anasiya nchito kuyang'ana kumwamba. Sitifunika kudikira tsiku lotero. Acinyamata abweretse mafoni, agogo abweretse maina a Cinyanja, Cibemba ndi Citonga, pakuti amenewo foni siingawauze adzukulu athu.