Ubongo ukatupa: zimene akatswiri a ku Gulupu anapeza pa malungo okomola ana

Mvula ikakhazikika, kuyambira mu Januwale mpaka chakumapeto kwa dzinja, wodi ina yaing'ono pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe ambiri timangoti Gulupu, imadzaza ndi ana osalankhula. Dzana ankasewera, dzulo thupi linatentha, lero ali chikomokere. Maso ali tong'o koma sakuona mayi wawo. Ena akuphiriphitha, ena angouma. Awa ndi malungo ofika ku ubongo, ndipo ngakhale mwana alandire mankhwala oyenera, pa ana 100 alionse, 15 mpaka 20 sadzukanso.

Kwa zaka zambiri madokotala ankadziwa kachilombo koyambitsa matendawa, ankadziwa udzudzu womwe umakafalitsa, ankadziwanso mankhwala okapha. Chomwe sankadziwa n'chakuti kwenikweni chimamutenga mwanayo n'chiyani. Mankhwala alowa m'thupi, tizilombo tayamba kuchepa m'magazi, shuga ali bwino, magazi awonjezeredwa, koma pakati pa usiku mwana amangosiya kupuma. Funso limeneli lakhala likuzunguza mitu m'misonkhano ya akatswiri ofufuza za ubongo ku London, ku Liverpool, ku Michigan ndi kwina. Yankho lake linachokera ku Blantyre.

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa anthu ofufuza, ngati yomwe imachitika ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku Malawi-Liverpool-Wellcome, akudziwa kuti si malo oomberana m'manja. Mmodzi amaimirira n'kuonetsa zithunzi ndi manambala ake, anzake n'kuyamba kufufuza pomwe waphonya. Munawasankha bwanji anawo? Mukudziwa bwanji kuti anali ndi malungo okha? Bwanji ngati mwasokoneza choyambitsa ndi chotsatira? Wophunzira wamng'ono amaloledwa kutsutsa pulofesa, chinthu chomwe kwathu kuno sichichitika kawirikawiri. Nkhani ya malungo a mu ubongo inakula m'mafunso oterowo, ndipo funso lililonse linkatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyankhidwe.

Chiyambi chake ndi chaka cha 1986, pomwe Dr. Terrie Taylor wa ku Michigan State University anafika m'dziko muno n'kuyamba kugwira ntchito ndi Pulofesa Malcolm Molyneux. Awiriwa anakhazikitsa Blantyre Malaria Project. Vuto lawo loyamba linali looneka laling'ono: ungayeze bwanji kukomoka kwa mwana amene sanayambe n'kulankhula komwe? Muyezo umene unalipo, wochokera ku Glasgow, unkafuna kuti wodwala ayankhe mafunso. Mu 1989, atatsatira ana 131 okomoka, iwo pamodzi ndi Dr. Jack Wirima ndi anzawo anatulutsa muyezo wina. Namwino amaona zinthu zitatu: kodi maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, kodi akulira bwanji akamva ululu, kodi akuyesa kuchotsa dzanja lomwe likumupweteka? Zonse pamodzi ndi mapointi 5. Wopeza 2 kapena kucheperapo ndiye kuti wakomoka kwenikweni. Muyezowu umatchedwa Blantyre Coma Scale, ndipo lero ukugwiritsidwa ntchito m'zipatala za m'maiko ambiri komwe kuli malungo. Amalawi ambiri odutsa pa Ginnery Corner sadziwa kuti dzina la mzinda wawo lili m'mabuku a madokotala a dziko lonse chifukwa cha zimenezi.

Gawo lachiwiri ndi lomwe linali lolemetsa mtima, ndipo ndi lomwe sititchula mokwanira. Kuti adziwe chomwe chikuchitika m'mutu, ofufuzawo anayenera kupempha makolo, mwana atangotsikira kuli chete, kuti awalole kupima thupi lake. Tonse tikudziwa mmene maliro a mwana amayendera. Achibale akudikira kumudzi, galimoto ndi yobwereka, agogo sangamve zoti mdzukulu wawo akhudzidwe ndi mpeni, ndipo mphekesera za anamapopa sizinatheretu m'dziko muno. Komabe kuyambira mu 1996, kwa zaka zopitirira khumi, mabanja oposa 100 anavomera. Maina awo sali pa pepala lililonse la sayansi, koma popanda iwo palibe chimene chikanadziwika.

Zotsatira zoyamba, zomwe zinatuluka mu 2004 m'magazini ya Nature Medicine, zinadabwitsa ngakhale ofufuza eni ake. Mwa ana 31 omwe madokotala anali otsimikiza kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. M'nyengo ya dzinja ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi popanda kudwala. Mwana wotero akakomoka ndi vuto lina, kuyeza magazi kumaonetsabe malungo, ndipo aliyense amaleka kufufuza. Ndiye kuti kafukufuku yense wa m'mbuyomu ankasakaniza ana a matenda osiyana n'kumawawerenga ngati gulu limodzi.

Chomwe chinathetsa chisokonezochi ndi diso. Dr. Susan Lewallen, dokotala wa maso yemwe ankagwira ntchito ku Blantyre, komanso pambuyo pake Dr. Nicholas Beare, anaona kuti kuseri kwa diso la mwana wa malungo enieni a mu ubongo kumakhala zizindikiro zakezake: timawanga toyera, mitsempha yosintha mtundu kukhala yotuwa kapena ya olenji, ndi timadontho ta magazi toyera pakati. Diso ndi ubongo zimachokera pamodzi mwana ali m'mimba, ndipo mitsempha yake ing'onoing'ono ndi yofanana. Choncho poyang'ana m'diso ndi kachipangizo kounikira, dokotala amaona zomwe zikuchitika m'chigaza osachitsegula. Maselo ofiira a magazi omwe mwalowa kachilombo ka Plasmodium falciparum amamera timapuloteni tomata kunja kwake, n'kukakamira m'makoma a mitsempha. Akatero amazemba kapamba, chiwalo chomwe chikanawasefa, koma amatseka njira ya magazi ndi kuwononga khoma losiyanitsa magazi ndi ubongo.

Apo funso loyamba lija, loti chimamutenga mwana n'chiyani, linali lidakalipo. Ena ankakayikira kale kuti ubongo umatupa. Ku Kilifi m'dziko la Kenya, Charles Newton ndi anzake anali ataonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti m'mitu ya ana ambiri oterewa mumakhala kupanikizana kwakukulu. Koma mankhwala ophwetsa sankathandiza. Dexamethasone atayesedwa pa odwala ku Thailand mu 1982, anangotalikitsa kukomoka. Mannitol atayesedwa pa ana ku Uganda, zotsatira za mu 2007 sizinaonetse kusiyana. Kupima thupi nakonso sikunkapereka umboni wokhutiritsa, chifukwa chigaza chikatsegulidwa, kupanikizanako kumatha. Pankafunika kuona ubongo mwana akadali moyo.

Makina a MRI anafika pa Gulupu mu 2008, oyamba m'dziko lino, kuchokera ku kampani ya General Electric. Sanali amphamvu kwambiri: maginito ake anali a 0.35 tesla, pomwe zipatala za ku Ulaya ndi ku America zimagwiritsa ntchito a 1.5 kapena 3. Koma anali pafupi ndi wodi ya ana okomoka, ndipo chimenecho ndicho chinali chofunika. Dr. Karl Seydel ankayang'anira anawo, Dr. Sam Kampondeni, katswiri wathu wowerenga zithunzi za m'thupi, ankawerenga zithunzizo pamodzi ndi Dr. Michael Potchen. Mwana aliyense ankajambulidwa atangofika, ndipo akakhala kuti sanatsitsimuke ankajambulidwanso.

Mu Malichi 2015 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza zomwe anapeza. Ana anali 168, onse otsimikizika ndi zizindikiro za m'diso zija. Omwalira anali 25, ndipo 21 mwa iwo ubongo unali utatupa kwambiri pofika kuchipatala. Mwa ana 143 omwe anapulumuka, otupa chotero anali 39 okha, ndipo kwa iwo kutupako kunaphwa pokha patapita masiku ochepa. Phazi likatupa timavula nsapato, koma chigaza sichivulika. Ubongo ukasowa kopita umakankhikira pansi, pabowo lomwe msana umalumikizirana ndi mutu, n'kupsinja tsinde lake. Pa tsinde pamenepo ndi pomwe pamachokera lamulo loti munthu apume. Mtima umakhala ukugundabe, mapapo ali bwinobwino, koma lamulolo silifikanso.

Uwu ndi uthenga woopsa, koma uli ndi chiyembekezo m'kati mwake. Ngati kutupa kumaphwa pokha, ndiye kuti mwina mwana angofunika womupumira kwa tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake gulu lomweli linayamba kuyesa njira ziwiri pa ana otupa kwambiri: kuwaika pa makina othandiza kupuma, kapena kuwapatsa madzi a mchere wambiri kudzera mu mtsempha kuti akoke madzi mu ubongo. Kuyesa kotere kunatheka chifukwa mu 2017 pa Gulupu panatsegulidwa Mercy James Centre, yomwe ili ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya choyamba m'Malawi. Ofufuza enanso akuyesa makina aang'ono a MRI okankha pa mateyala, ndi ena omvera kayendedwe ka magazi m'mutu, kuti mwana wotupa adziwike msanga.

Apa mpomwe ine ndimaona kuti chimwemwe cha m'chipinda cha misonkhano chiyenera kuchepa pang'ono. Mwana wa ku Nsanje, wa ku Chitipa kapena wa m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa sakomokera pafupi ndi Ginnery Corner. Amakomokera kumudzi, n'kuberekedwa kapena kukwezedwa kabaza kupita ku chipatala chaching'ono, komwe mwayi wake ndi wakuti apeze mlangizi wa zaumoyo kapena namwino wokhala ndi artesunate. Mankhwala amenewa ndi omwe apulumutsa ana ambiri m'zaka zapitazi. Kafukufuku wa mu 2010 pa ana 5,425 m'maiko 9 a mu Africa anaonetsa kuti artesunate amachepetsa imfa ndi 22.5 peresenti poyerekeza ndi kwinini. Neti yonyikidwa m'mankhwala, LA womwedwa tsiku loyamba thupi litatentha, ndi katemera wa RTS,S yemwe Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka mu Epulo 2019, zonsezi zimagwira ntchito ubongo usanafike potupa. Sindikunyoza makina. Ndikungoti zimene apeza ku Blantyre zidzakhala ndi phindu lenileni tsiku lomwe zidzasanduke chinthu choti kiliniko ofesala wa pa boma angachite usiku, magetsi atazima.

Pali gawo linanso la nkhaniyi lomwe silituluka kawirikawiri kunja kwa misonkhano, ndipo ndi lomwe likukhudza mabanja ambiri: ana omwe anadzuka. Mwana akatsegula maso n'kupempha phala, onse amati wachira. Dr. Gretchen Birbeck, katswiri wa za ubongo yemwe wagwira ntchito zaka zambiri ku Zambia ndi kuno, anatsatira ana 132 otuluka m'wodi ija n'kuwayerekeza ndi anzawo 264 omwe sanakomokepo. Zotsatira za mu 2010 m'magazini ya Lancet Neurology zinaonetsa kuti 12 mwa opulumukawo anadzayamba kugwa khunyu, pomwe mwa anzawo aja panalibe ngakhale mmodzi. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anatsala ndi chilema china chatsopano, monga kufooka mbali imodzi, kuvutika kulankhula kapena kuchedwa kumva zinthu. Ena anasintha khalidwe: mwana wofatsa kuyamba ndewu, kusakhazikika, kuthawathawa pakhomo.

Omwe anali pa chiopsezo chachikulu cha khunyu anali amene thupi linatentha kwambiri ndi amene ankaphiriphitha ali m'chipatala. Makina oyeza magetsi a mu ubongo anaonetsanso kuti ana ena amakhala akugwidwa m'kati mwa mutu pomwe thupi lili zii, namwino osaona kanthu. Nkhani ya kutentha kwa thupi ija inabala kafukufuku wina ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Chipata, woyesa kutsitsa kutentha kwa thupi mosalekeza kwa masiku atatu, ana ali m'manja mwa madokotala, m'malo modikira kuti thupi litenthe kaye. Mankhwala ake ndi otsika mtengo, opezeka m'chipatala chilichonse.

Vuto ndi lakuti khunyu wotere sabwera tsiku lotuluka m'chipatala. Amatha kuyamba patapita miyezi, malungo aja ataiwalika. Mwana akagwa koyamba pabwalo, banja silikumbuka za wodi ya ku Gulupu. Limakumbuka mkangano wa malire a munda, kapena azakhali omwe sanabwere kudzazonda. Ulendo umakhala wa kwa sing'anga, ndipo anthu ena amaopa kumugwira mwanayo poganiza kuti thovu la m'kamwa limapatsirana, zomwe si zoona. Mphunzitsi wa Sitandade 1 yemwe ali ndi ana odzaza kalasi amangoona mwana wosamva ndi wopulupudza, n'kumubwezera kalasi yomweyo chaka ndi chaka. Pomwe khunyu wambiri amagonja ndi mankhwala ngati phenobarbitone kapena carbamazepine akamwedwa tsiku lililonse.

Mayi wotuluka ndi mwana wake m'wodi ya okomoka ayenera kuuzidwa m'chinenero chake, asananyamule chikwama, kuti izi zikhoza kuchitika, ndi kuti zikachitika abwerere kuchipatala ndi buku la mwanayo. M'bukumo muyenera kulembedwa momveka kuti mwanayu anakomokapo ndi malungo, kuti wopima aliyense wa m'tsogolo, kaya ku Thyolo kaya ku Mzimba, aone mzere umenewo asanafunse china chilichonse.