Njinga Yamoto Ikazima Pakati pa Ulendo

Caka cina m'mwezi wa February ndinaperekeza Abambo a parishi yathu kukadzoza mai wina wokalamba amene anali kudwala kwambiri. Mudzi wake unali kutsidya kwa dambo, ndipo mvula inali itagwa usiku wonse. Titangooloka kamtsinje, njinga yamoto inatsokomola kawiri, n'kuzima. Abambo anaponda kiki mpaka thukuta linanyowetsa malaya, koma injini inangoti zii. Tinaikankha pafupifupi ola lathunthu.

Kenaka tinakumana ndi mnyamata wina wocokera kumunda. Anagwada pang'ono n'kupereka moni, nati: "Abambo, musapondenso, mudzangotopa cabe. Ndiloleni ndione." Anazula kacipewa ka pulagi, nathira pansi madzi amene analowamo, napukuta ndi nsonga ya malaya ake. Ataponda kamodzi, njinga inalira. Mai uja tinampeza ali moyo, analandira masakramenti, ndipo anatisiya patapita masiku awiri. Mnyamatayo akadapanda kudzera njira imeneyo, nkhani ikadakhala ina.

M'maparishi ambiri a Dayosisi ya Chipata, makamaka a m'cigwa ca Luangwa, njinga yamoto ndiyo miyendo ya wansembe, ya katekisti ndi ya namwino. Ena pa mafamu ndi pa mamishoni ali ndi zija za mateyala anai, zochedwa quad. Injini zake zimagwira nchito mofanana, ndipo zofooka zake n'zimodzi. Conco zimene tilongosole pano zithandiza onse.

Injini imafuna zinthu zitatu

Kuti injini ya petulo ilire, pafunika petulo, mpweya ndi moto wa pa pulagi. Cimodzi cikasowa, njinga siyenda. Poyamba kumbukirani mmene yazimira. Ikazima mwadzidzidzi monga munthu watseka kiyi, kawirikawiri vuto lili ku magetsi. Ikayamba yatsokomola, kutha mphamvu pang'onopang'ono, ganizirani za petulo kapena mpweya. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuponda kiki mwaukali kumangodzaza injini ndi petulo, ndipo vuto limodzi limasanduka awiri.

Yambani ndi zazing'ono. Onani kaswichi kofiira ka pa handulo ngati kali pa RUN, pakuti dzanja kapena nthambi ikhoza kukakankha inu osadziwa. Ikani giya pa nyutulo. Njinga zina sizilira ngati cimwendo coimikira cili pansi kapena simunagwire kilachi, ndipo ma quad ambiri amafuna nyutulo kapena kuti mugwire buleki.

Petulo

Tsegulani thanki muone ndi maso anu. Pansi pa thanki pali kampopi kolembedwa ON, OFF ndi RES. Petulo akacepa, tembenuzirani ku RES ndipo mudzayendako makilomita angapo. Ngati pomasula citsekero mwamva mpweya ukulowa kuti fyuu, ndiye kuti kabowo kopumira katsekeka ndi fumbi. Thanki ikalephera kupuma, petulo satsika.

Petulo alipo koma njinga ikukana? Pansi pa kabureta pali kasikuluwu kotayira. Kamasuleni, mulandire zotuluka m'botolo loonekera mkati. Pakapanda kutuluka kanthu, paipi kapena sefa yatsekeka. Mukaona timadontho tokhala pansi pa botolo, amenewo ndi madzi, cifukwa madzi amalemera kuposa petulo. Tayani mpaka atuluke petulo yekhayekha. Kumidzi kumene kulibe filing'i timagula petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa mseu. Tisaiwale kuti cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere: wina amakhala ndi madzi, dothi kapena parafini. Muunikeni padzuwa, ndipo musefeni ndi nsalu yoyera musanathire. Petulo wokhala miyezi yambiri m'njinga yosayenda nayenso amaumirira ndi kutseka timabowo ta kabureta.

Njinga zina zatsopano zilibe kabureta kapena kampopi. Zili ndi pampu ya magetsi m'thanki. Mukatembenuza kiyi muyenera kumva kakulira kang'onong'ono kwa masekondi awiri kapena atatu. Kukakhala cete, onani fyuzi ndi batire.

Moto wa pa pulagi

Zulani kacipewa ka pulagi, muone ngati muli madzi, monga zinaticitikira ife. Kenaka masulani pulagi ndi sipanala yake. Maonekedwe ake amanena zambiri. Ikakhala yotuwa ngati khofi wamkaka, injini ili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo wacuruka kuposa mpweya: mwina choke inaiwalika yotseka, mwina sefa ya mpweya yada. Ikanyowa ndi petulo, injini yakhuta. Pukutani pulagi, bwezerani, tsegulani choke, potozani moto mpaka kumapeto, n'kuponda kangapo. Ikakhala ndi oilo wonanda, mkati mwa injini mwatha, ndipo imeneyo ndi nchito ya makanika.

Poyesa moto, lowetsani pulagi m'kacipewa kake, gonekani citsulo cake pa thupi la injini, kutali ndi bowo limene yacokamo, ndipo pondani kiki. Musaigwire ndi dzanja. Muyenera kuona kamoto kobiriwira, kothetheka mwamphamvu. Pakapanda moto, yesani pulagi yatsopano. Pa njinga zambiri zazing'ono mpata wa kunsonga kwa pulagi umakhala pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.8, koma tsatani kabuku ka njinga yanu.

Ngati mukadina sitata mungomva kuti tha, osazungulira, batire yafooka kapena mawaya ake akhwefuka. Palani zoyera zimene zimamera pa mitu ya batire, mumange zolimba. Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6. Njinga ya magiya mukhoza kuilizitsa poikankha ili m'giya yaciwiri, koma quad yosintha yokha magiya siilira mwa njira imeneyi. Fyuzi ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Kulumikiza ndi waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kwapsereza njinga zambiri.

Mpweya ndi madzi

M'miyezi ya September ndi October fumbi limatseka sefa ya mpweya msanga. Ya siponji icapeni, iume, muipake oilo pang'ono. Ya pepala sicapidwa, imasinthidwa.

Nyengo ya dzinja ili ndi ngozi yake. Njinga ikazimira m'madzi ofika pamwamba pa injini, musayese kuiliza. Madzi sapanikizika monga mpweya, ndipo akakhala m'silinda akhoza kupinda citsulo ca pisitoni. Ikokereni kumtunda, cotsani pulagi, pondani kiki kuti madzi atulukire pabowopo, khuthulani bokosi la sefa ndi kabureta. Oilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowamo, ndipo ayenera kusinthidwa musanapitirize ulendo.

Pali zizindikiro ziwiri zokuuzani kuti muleke. Kiki ikauma osatsika konse, kapena ikatsika mopepuka popanda kukana, vuto lili mkati mwa injini. Isiyeni kwa amfumu kapena kwa mkulu wa mphakati wapafupi, mukaitane makanika.

Pocita zonsezi pasakhale wosuta fodya kapena koloboi pafupi. Musalize injini m'nyumba yotseka, pakuti utsi wake umapha mwakacetecete.

Cuma ca tonse

Njinga ya parishi inagulidwa ndi zopereka za akhristu ndi za abale otithandiza. Woiyendetsa ndi kapitao cabe. M'mawa uliwonse, asanavale cisoti, aone oilo, petulo, mateyala, cheni ndi mabuleki. Pansi pa mpando pasasowe kathumba ka sipanala ya pulagi, pulagi yatsopano, mafyuzi awiri, sikuludilaiva, pulayala, kansalu ndi tochi. Nalo bungwe la parishi liike padera kandalama ka oilo ndi sevisi m'bajeti yake, osadikira kuti njinga ife kuti ayambe kusonkhetsa.

Pa Mateyu 25 timamva za anamwali khumi. Asanu anachedwa ocenjera cifukwa ca cinthu cacing'ono: ananyamula mafuta apadera. Uthenga wa wodwala umabwera nthawi imene sitiyembekezera, mwina usiku, mwina mvula ikugwa. Abambo athu, kucokera tsiku lija, sanyamukanso popanda pulagi yapadera m'thumba limene amanyamuliramo mafuta a odwala.